Kukaona Makoma Amene Anamanga Agogo Anu

Ana inu, ikani kaye mafoniwo pansi. Iwenso Takondwa, ndakuona wailowetsa pansi pa pilo. Maso angawa afooka pa ulusi ndi singano, koma pa chinyengo cha mwana akuonabe bwinobwino. Mphatso wabwerako ku ulendo wa sukulu wa ku Lilongwe, ndamufunsa zimene waona ku likulu, wangoti, "Nyumba basi, agogo." Nyumba basi! Khala apa, ndikuuze za ulendo wanga. Ine ndinapitako kamodzi kokha moyo wanga wonse, ndili kale ndi imvi.

Inu agogo anu aamuna munawadziwa atatha kale, ali nkhalamba yokhala pakhonde pano ndi chipewa pamutu, yoitana aliyense kuti achimwene, ngakhale mwana wamkazi. Sanali otero. Anali mmisiri womanga nyumba, wamapewa otambalala, wosakonda kuyankhula. Tinadziwana ku Limbe. Ine ndinkagulitsa zitumbuwa pafupi ndi sitolo ina imene ankamanga. Tsiku lina anatenga chitumbuwa, n'kuchiyang'ana uku ndi uku ngati njerwa, n'kuti, "Zitumbuwa zanu n'zokoma, koma zikusowa levulo." Levulo ndi kathabwa kokhala ndi kadontho ka madzi m'galasi, kamene amisiri amaonera ngati khoma lapendama. Ndinakwiya sabata yonse. Kufunsira kwake kunali komweko.

Lamulungu tikatuluka m'mapemphero ku mishoni, anzathu ankapita kukayenda m'tauni kukaona zovala m'mawindo a masitolo. Ine ankandizunguliritsa tchalitchi chakale cha njerwa chija, akusisita khoma ndi dzanja. Ndinkati ndakwatiwa ndi munthu wokonda njerwa kuposa anthu.

Tinayamba banja ku Chilobwe, m'kachipinda kamodzi. Nyali yathu inali koloboyi, kachitini ka palafini kokhala ndi chingwe, kamene kankatidetsa m'mphuno. Malaya awo ndinkasita ndi simbi yamakala, ndipo kakhala kamodzi kakagwa, malaya atha. Inu magetsi akangozima pang'ono mumalira ngati kwagwa maliro. Madzi tinkatunga pampopi wa tonse, pamene tinkamvera nkhani zonse za m'dera, zoona ndi zabodza zomwe.

Kenako boma linaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, ndipo kunkafunika amisiri ambiri. Agogo anu anapita. Masiku amenewo ulendo wa ku Lilongwe unali ulendo ndithu. Munthu ankatsanzika kwa oyandikana nawo nyumba, kutchalitchi n'kumupempherera. Ndinkawaphikira chigumu, kukazinga chimanga ndi mtedza, kuwiritsa mbatata, n'kumanga zonse pa nsalu. Zovala zinkalowa m'sutikesi yachitsulo yokhoma ndi loko. Basi inkadzera ku Zomba ndi ku Liwonde, ikuima paliponse, nkhuku ndi njinga zili padenga, ndipo munthu ankatsika ali mbuu ndi fumbi mpaka m'nsidze. Inu lero mumanyamuka m'mawa, madzulo mwabwerako, n'kumadandaula kuti mpando unali wolimba.

Anakhala kumeneko zaka zingapo, akubwera pa Khirisimasi ndi nthawi zina akapeza mpata. Akabwera ndinkawafunsa kuti mukumanga chiyani. Yankho linali limodzi: "Tikadzamaliza ndidzakutenga ukaone wekha." Ntchito inatha, anabwerera kuno, ana anabadwa, sukulu, matenda, kumanga nyumba ino ya ku Soche njerwa imodziimodzi. Ulendo uja tinkangouuza kuti chaka chamawa. Ine kumpoto ndinali nditalekeza pa Lunzu, kokagula anyezi.

Matenda awo anayamba ndi tinthu tating'ono. Kuthira shuga mu tiyi kawiri. Kuima pakati pa nyimbo ya m'buku imene anaiimba kuyambira ali mnyamata. Tsiku lina anasochera mumsika wa Limbe, msika umene ankaudziwa ngati m'thumba mwawo, mpaka munthu wina wa kutchalitchi anawapeza ataima pa siteji ya minibasi n'kubwera nawo. Anthu ena m'dera muno anayamba kunong'ona zoipa, mukudziwa mmene anthu amanenera nkhalamba ikayamba kuyenda mosadziwa kumene ikupita. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda oiwala, amagwira okalamba ena, ndipo sabwerera m'mbuyo.

M'mawa wina ndikuwapatsa phala, anandiyang'ana mwaulemu n'kufunsa kuti, "Mayi, kodi akazi anga apita kuti?"

Ndinati, "Ndine ndemwe, bambo."

Anaseka pang'ono, ngati munthu amene sakufuna kuchititsa mlendo manyazi. "Iyayi, mayi. Akazi anga ndi mtsikana."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka "mayi". Ndinkawasambitsa, kuwaveka, kugona nawo chipinda chimodzi, iwo akundithokoza ngati nesi. Ana inu, njala ndinaionapo, maliro ndinaikapo, koma kukhala mlendo kwa munthu amene wakalamba naye ndi chinthu china.

Kenako anayamba kudzuka m'mawa uliwonse, kutenga levulo yawo yakale ndi mpeni womangira, n'kukaima pageti. "Ndikuchedwa ku ntchito. Akapitawo akundidikira ku Lilongwe." Tinkawanyengerera ndi tiyi, mawa lake chimodzimodzi. Azakhali anu a Eneless, amene amagwira ntchito kubanki m'tauni muja, ndi amene anati, "Amayi, bwanji tingopita nawo? Galimoto ilipo, ndiyendetsa ndekha." Bambo ako iwe Mphatso anakana kwamtuwagalu. Anati ulendo wautali chotero uwapha. Anakangana pabalaza pano mpaka ndinalowererapo. Ndinati, "Anandilonjeza kuti adzanditenga ndikaone. Ngati iwo aiwala, ine sindinaiwale." Koma mumtima ndinali ndi china chimene sindinawauze ana. Ndinkaganiza kuti akakaona makoma awo, akakawagwira ndi manja, mwina nzeru zidzabwerako pang'ono, n'kundidziwa ngakhale tsiku limodzi lokha.

Tinanyamuka nthawi imene mvula yoyamba inali itangoyamba kugwa, mango akupsa. Eneless ankafuna kudzera ku Zalewa chifukwa n'kwachidule, koma ine ndinati tidzere ku Zomba, msewu umene iwo ankaudziwa. Tinawaveka jekete la kutchalitchi. Anakhala kumbuyo ndi ine, levulo ili pamiyendo. Tikudutsa pa chipilala cha ufulu ku Chichiri, anasuzumira kutsogolo n'kundinong'oneza kuti, "Mayi, kodi akuyendetsayu ndi munthu wamkazi?" Nditavomera, anagwiritsitsa mpando. Eneless anaseka mpaka misozi, mwana wawo yemwe, amene anamuphunzitsa okha kupalasa njinga.

Ku Zomba tinaima pa chipilala chokumbukira asilikali, kenako tinakwera kumtunda kukaona nyumba ya malamulo yakale, m'munsi mwa phiri. Ndinadabwa kuchepa kwake. Nkhani zonse zimene tinkamva pawailesi tili atsikana zinkachokera m'kanyumba kameneko! Agogo anu anatsika, n'kupita molunjika kukhoma. Anasisita njerwa pang'onopang'ono, anaikapo levulo, n'kugwedeza mutu. "Uyu anali mmisiri," anatero. Ndinati ngati manja akukumbukira pano, nanga tikafika pa makoma awo eniake?

Tinawoloka Shire pa Liwonde, kudutsa Balaka kukutentha ngati m'ng'anjo, kukwera mapiri a Ntcheu. Pa Lizulu amayi anatizungulira ndi mabeseni a mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato. Eneless anandiuza kuti tsidya lina la msewu ndi dziko la Mozambique, ndipo ndinamuuza aime kuti ndikapondeko. Ndinawoloka msewu, n'kubwerera. Choncho musamandiderere, agogo anu ndinapitako kunja. Pa Dedza kunazizira mpaka ndinawafunditsa chitenje. Tinalowa mu Lilongwe dzuwa litapendeka, n'kukagona ku Kawale kwa mwana wa mng'ono wanga.

M'mawa mwake, linali Loweruka, tinapita ku Kapito Hilu, kumene kuli maofesi akuluakulu a boma. Geti linali lotseka, koma mlonda atamva nkhani yathu anavula chipewa n'kutilola kulowa pang'ono wapansi. Ndinaona nyumba zazitali zoyera zitandandalika paphiri, pakati pa mitengo ikuluikulu ndi kapinga. Ndinawagwira mkono. "Bambo, tafika. Ndi kuno munkamanga. Tandionetsani khoma lanu."

Anayang'ana kumanja, kumanzere. Anayang'ana mitengo. Kenako anati, "Si kuno."

"Ndi konkuno, ababa," anatero Eneless.

"Si kuno. Kwathu kulibe mitengo. Kuli fumbi lofiira, mawilibala, anthu ambirimbiri. Mwandibweretsa kwa eni ake. Tiyeni tichoke asanatithamangitse."

Khoma sanaligwire n'komwe. Anatembenuka n'kuyamba kubwerera kugalimoto. Ine ndinatsala nditaima, ndikuyang'ana nyumba zimene zinandilanda mwamuna zaka zonse zija, osadziwa kuti njerwa yawo ndi iti. Mlonda uja anangoti, "Pepani, agogo."

Popeza tinali titafika kale, Eneless anati tione ndi malo enawo. Tinaona nyumba ya malamulo yatsopano, yaikulu moti ya ku Zomba ija ikhoza kukhala khitchini yake. Tinalowa pa chiliza cha mtsogoleri woyamba wa dziko lino, pamalo a zii, pamene anthu amayankhula monong'ona. Ife a nthawi imeneyo aliyense ali ndi zake zimene amakumbukira, zokoma ndi zowawa, ndipo ndinaima pamenepo ndi zanga. Agogo anu anakana kutsika. Pomaliza tinapita pa nsanja yaitali yokumbukira amene anafera ku nkhondo. Eneless anapita kukaizungulira, ine ndinakhala nawo pa benchi, nditatopa thupi ndi mtima womwe. Kumwamba kunayamba kuda, mphepo ikubweretsa fungo la mvula.

Apa ndiime kaye, ndikuuzeni chinthu chimene makolo anu sanakuuzeni. Mumadziwa kuti mwana wanga woyamba ndi bambo ake a Mphatso. Si choncho. Analipo wina, Limbikani. Anali atangoyamba kuyenda bwino pamene chikuku chinalowa mu Chilobwe, nthawi ya dzinja, bambo ake ali ku Lilongwe. Chinamutenga msanga. Foni kunalibe. Uthenga ndinatumiza kudzera mwa Che Amidu, Msilamu woyandikana naye nyumba, amene ankayendetsa lole yonyamula simenti kupita ku likulu. Tinadikira, tinadikira, mpaka akuluakulu anati sitingasungenso mwana. Tinamuika mwanayo, bambo ake kulibe. Anafika titabwerako kale kumanda, matope mpaka m'mawondo, mapazi atatupa. Sanalire. Sanandiuze mawu alionse. Anakhala panja ndi azibambo, mwambo wonse utatha anabwerera ku ntchito. Dzina la mwana uja silinatulukenso pakamwa pawo, ndipo ine ndinalitsekera mwanga. Ndinkati mwina amuna ndi mmene analengedwera, chisoni chimangowadutsa pamwamba ngati madzi pa simenti youma.

Tsono tili pa benchi paja, madontho oyamba akugwa, mumsewu munadutsa lole yodzaza matumba a simenti, yofunditsidwa lona. Inaliza hutala. Agogo anu anaimirira ngati mnyamata. Levulo inagwa pansi.

"Che Amidu!" anafuula. "Che Amidu, mwati chiyani?"

Lole inapita. Anatembenukira kwa ine, nkhope itasinthiratu, n'kundigwira manja onse awiri.

"Mayi, ndithandizeni. Basi ya ku Blantyre ndikakwerera kuti? Mwana wanga wamwalira ku Chilobwe."

Eneless anabwera akuthamanga, akuti, "Ababa, palibe wamwalira, khalani pansi." Ndinamuletsa ndi dzanja. Ndinati, "Bambo, ife tikupita ku Blantyre komweko. Galimoto ndi iyo. Tiyeni tikutengeni."

"Mulungu akudalitseni, mayi. Mulungu akudalitseni."

Tinangodzera ku Kawale kukatenga zikwama, n'kulowa mumsewu mvula ikukhuthuka. Ndipo munthu uja, amene moyo wake wonse mawu ankachita kuwerenga, anayankhula. Nthawi inali itasokonekera m'mutu mwawo, mwina ali m'galimoto yathu, mwina ali pa ulendo wakale uja. Anati basi yaima, mtsinje wadzaza, madzi akudutsa pamwamba pa mlatho. Anati anzawo akuti adikire madzi aphwe, koma iwo awoloka atagwira chingwe, ayenda wapansi mpaka atapeza galimoto ina kutsogolo. "Ndikayenda msanga ndikamupeza asanamuike. Ndikufuna ndingomuona nkhope." Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa matope aja.

Tikuyandikira Dedza anatsitsa mawu. "Mayi, ndili ndi tinsapato m'chikwama. Ndinamugulira mwezi watha, poti akuti wayamba kuthamanga. Ndikatani nato? Amake asationetu. Akationa mtima uwaphulika."

Tinsapato timeneto sindinationepo, ana inu. Kaya anatitaya mumtsinje, kaya anapatsa mwana wa munthu wina panjira, anapita nacho chinsinsi chawo.

Ndinalimba mtima n'kufunsa ngati mlendo, poti ndinali mlendo. "Nanga mukafika, mukawauza chiyani akazi anuwo?"

Anayang'ana madzi akutsetsereka pagalasi.

"Sindikanena kanthu. Ndikangotsegula pakamwa ndilira. Tsono ndikalira ine, iye agwira ndani? Ndi mwana, mayi. Ndinamusiya yekha m'kachipinda ndi mwana wodwala, ine ndikumanga nyumba za anthu ena."

Atatero analira. Analira mokweza, ngati mmene amalirira amayi pamaliro, mapewa akugwedezeka. Eneless anaimika galimoto m'mbali mwa msewu, n'kuika mutu pa chiwongolero. Ine ndinawakumbatira, iwo akupepesa kuti akunyowetsa chitenje cha munthu wachifundo amene wangowatenga panjira.

Tisanafike pa Ntcheu anagona. Tinadzera ku Zalewa. Anadzuka tikulowa mu Blantyre, n'kufunsa ngati kunyumba kuli tiyi. Za mwana, za mtsinje, zonse zinali zitafufutika.

Koma ine sindinathe kuzisiya pamenepo. Patapita masiku tinakapempha chilolezo kwa eni manda ku Chilobwe, ndipo tinapita m'mawa, ine, iwo ndi Eneless. Ndinali ndisanapondeko zaka zambirimbiri. Kamtumbira kanali katatsala pang'ono kufafanizika, ndinakazindikira chifukwa cha mwala umene mchimwene wanga anaika kumutu. Udzu unali utamera ponseponse. Agogo anu, poti manja awo sankatha kukhala opanda ntchito, anagwada n'kuyamba kuzula. Anazula bwinobwino, kusalaza dothi ndi chikhato, kukonza m'mbali kuti mulunjike. Atamaliza anapukuta manja pa thalauza n'kundiyang'ana.

"Mayi, manda aang'onowa ndi a ndani?"

Ndinati, "Ndi a mwana wanga. Dzina lake Limbikani."

Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. "Bambo ake alipo?"

"Alipo. Anali kutali ku ntchito. Anayesetsa kuti afike, koma madzi anawatsekereza."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ameneyo zinamuwawa," anatero. Kenako anatambasula dzanja n'kugwira langa, monga timachitira pamaliro. "Pepani, mayi. Pepani kwambiri."

Ndinati, "Zikomo, bambo. Ndalandira."

Anamwalira chimanga chisanakhwime. Sanandidziwenso mpaka tsiku lomaliza. Koma pepani ameneyo ndinamudikira kuyambira ndili mtsikana, ndipo anandipatsa ndi dzanja lawo, ataima pamutu pa mwana wathu.